Boti la Matabwa Likadula Chingwe

Amene mudagonako m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ya Amaramba kapena ya Chilwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi mukudziwa m'mene kumachera mwera ukaomba usiku wonse. Mwini boti amalawirira ku dooko nkhuku zisanatsike. Akafika amapeza chikhomo chili chiimire, pachikhomopo pali kachidutswa ka chingwe, koma boti palibe. Amayamba kuyenda m'mbali mwa madzi akufunsa aliyense wokumana naye. Mwina dzuwa lili paliwombo ndi pamene amakalipeza litagona cham'mbali pa mchenga, mkati mwake mutadzaza madzi ndi matope.

Inu atsogoleri a makalasi a akuluakulu, ambiri mwa ophunzira anu amadya za m'nyanja. Kwa iwo boti si matabwa chabe ayi. Ndilo ndiwo za pakhomo, ndilo sopo ndi mchere, ndilo lowolotsa wodwala. Choncho m'nkhani ino tifotokoza chimene chimadula chingwe, chimene chimaononga boti likagona pa mtunda, ndi chimene anthu angachite kuti alipulumutse. Kumapeto tayika zoti mukagwiritse ntchito m'kalasi.

Nyanja zathu ndi mphepo zake

Dzina lakuti Entre Lagos ndi la Chipwitikizi, ndipo litanthauza "pakati pa nyanja". Kum'mwera kuli Chilwa, imene pa mapu a kuno amalemba Chirua, kumpoto kuli Chiuta. Pakati pake pali mtunda wa mchenga, ndipo pa mtunda umenewu ndi pamene padadutsa njanji yochokera ku Cuamba kulowa m'Malawi pa Nayuchi, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1970. Madzi a Chiuta amalowa mu Amaramba, ndipo mu Amaramba ndi m'mene mumayambira mtsinje wa Lugenda umene umakathira mu Rovuma. Chilwa yokha ilibe potulukira. Mitsinje monga Mnembo wa kuno, ndi Domasi, Likangala ndi Phalombe ya ku Malawi, imathiramo madzi, koma wowachotsamo ndi dzuwa basi.

Nyanja zitatuzi n'zosaya. M'malo ambiri a Chilwa madzi sapitirira mamita 2 kapena 3. Munthu wachilendo amati nyanja yosaya ndi yofatsa, koma asodzi amadziwa kuti si choncho. Pa madzi osaya mafunde amakhala aafupi, otsatana pafupipafupi, ndipo amagwedeza boti mosapumira. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha m'Sepitembala kumaomba mwera, wochokera kum'mwera chakum'mawa. Mvula ikamayandikira mphepo imatembenuka, kumabwera mpoto, ndiponso anamondwe a mabingu amene amafika mosachenjeza. Boti limene lidamangidwa pamalo obisika ku mwera limapezeka lili poyera mpoto akayamba.

Nkhaniyi ndi yakale

Boti la matabwa silidayambe dzulo m'dziko lino. Makolo athu ankasema mabwato a mtengo umodzi, koma pa nyanja yaikulu ya Niassa, imene anzathu amati Malawi, zombo za matabwa zoyenda ndi matanga zidalipo kale m'zaka za m'ma 1800. Jumbe wa ku Nkhotakota adali nazo zake, zimene zinkawoloka kubwera tsidya lino kudzakocheza pa Losewa. Mfumu Makanjira nayenso adali nazo. Tisabise, katundu wa zombozo adali minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo, amene ankawayendetsa kudzera ku Mwembe kwa Mataka mpaka ku Kilwa. Malondawo adali oipa, koma luso lolumikiza matabwa lidatsala m'manja mwa amisiri a m'mbali mwa nyanja.

Nkhani ina yolembedwa bwino ndi ya David Livingstone. Iyeyu adaona nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859 ali ndi John Kirk. M'chaka cha 1861 adabwera ndi kaboti ka matabwa ka nkhafi zinayi. Anthu adakanyamula pamapewa kulambalala mathithi a Shire, ndipo pa 2 Sepitembala kadalowa m'nyanja yaikulu. Imeneyo idali nyengo ya mphepo. Tsiku lina namondwe adawapeza ali kutali ndi gombe, kupita kutsogolo kosatheka, kubwerera kosathekanso. Adaponya nangula ndi kukhala pomwepo maola asanu ndi limodzi mafunde akuwazinga. Moyo wa onse m'botimo udali pa chingwe chimodzi chija. Chingwecho sichidaduke, koma pa ulendowo adaphunzira kukokera boti pa mtunda usiku uliwonse, osalisiya pa nangula.

Pobwerera, kabotiko adakapachika mu mtengo wa mthunzi kumtunda kwa mathithi kuti adzakapezenso. Atabwerako m'chaka cha 1863 adapeza katapsa. Onani tsono, boti limene mafunde adalilephera lidathera pa mtunda. Mfundo ya nkhani yathu yonse ndi imeneyi: boti la matabwa limakhala ndi moyo m'madzi ndi m'manja mwa mwini wake, likasiyidwa lokha pa mtunda limayamba kufa.

Chingwe chimaduka bwanji?

Anthu amati mphepo yadula chingwe. Zoona zake n'zakuti mphepo imangomaliza ntchito imene idayamba kale. Tiyeni tione adani a chingwe mmodzimmodzi.

Woyamba ndi kukhulana. Pamene chingwe chimadutsa pa mphuno ya boti, kapena pamene chakhudza mwala, funde lililonse limachikhula pang'ono. Usiku umodzi wa mwera uli ndi mafunde zikwizikwi. N'chifukwa chake mukayang'ana chingwe choduka, kawirikawiri chimakhala chitadukira pamalo pomwe chimagona pa thabwa, osati pakati. Mankhwala ake ndi apafupi: kukulunga malowo ndi chigamba, chikopa, kapena chidutswa cha tayala la njinga.

Wachiwiri ndi ukalamba. Chingwe cha khonje chimaola chikamakhala chonyowa. Zingwe za pulasitiki za m'sitolo siziola, koma dzuwa limazidya. Zimayamba kutuwa, ndipo ukazipotokola zimatulutsa fumbi ndi tiulusi tothothoka. Kunja chingaoneke chabwino ndithu, koma paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Muzichipotokola ndi kuyang'ana m'kati mwake.

Wachitatu ndi kufupika. Ambiri amaumira chingwe, n'kumanga boti pafupi kwambiri ndi chikhomo kapena ndi mwala wa nangula. Funde likanyamula boti, chingwe chachifupi chimakokeka mwadzidzidzi ngati m'mene mbuzi yodzidzimuka imakokera chake. Chingwe chachitali chimayamba chawongoka, kenaka n'kutamuka, ndipo mphamvu ya funde imathera m'menemo. Oyenda pa madzi m'maiko ambiri amasunga lamulo lakuti chingwe cha nangula chitalike kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa kuya kwa madzi. Ndiye kuti pa madzi akuya mamita 2 pafunika chingwe cha mamita 10 mpaka 14. Chingwe chachitali chimakokanso nangula chogona, motero amakanirira m'matope. Chachifupi chimamukokera m'mwamba n'kumuzula.

Wachinayi ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20. Boti limene lalowa madzi okwana ndowa 15, kaya a mvula kaya odontha m'ming'alu, lasenza makilogalamu 300, ngati matumba asanu ndi limodzi a chimanga a makilogalamu 50. Katundu yenseyo akamagwedezeka, amene amamva ndi chingwe. Kukapa madzi madzulo aliwonse ndi njira yosungira chingwe.

Tiwonjezepo za mphepo. Mphamvu yake sikula molingana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha boti imawirikiza kanayi. Likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza kasanu ndi kanayi. N'chifukwa chake chingwe chimene chagwira bwino mwezi wathunthu chimatha kuduka usiku umodzi.

Nthawi zina chingwe sichiduka konse. Chikhomo chokhomedwa m'matope ofewa chimagwedera mpaka kuzuka. Mfundo yomangidwa mothamanga imamasuka, makamaka pa zingwe zoterera za pulasitiki. Pa nyanja zathu zino palinso zisumbu za udzu ndi njedza zimene zimayandama n'kumayenda ndi mphepo. Chisumbu chotere chikatsamira boti, palibe chikhomo chimene chingalimbe. Ndipo madzi akakwera msanga, monga zidachitikira ndi mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, chingwe chachifupi chimagwirira mphuno ya boti pansi mpaka madzi kulowa.

Zimene mchenga ndi dzuwa zimachita

Boti lomangidwa limayang'ana mphepo ndi mphuno, ndipo mphuno idapangidwira kung'amba mafunde. Likangomasuka limatembenuka n'kupereka nthiti. Likafika pa gombe, funde lililonse limalinyamula n'kuligwetsa pansi. Matabwa amapindika pang'ono, misomali imayamba kusewera m'mabowo ake, ndipo thonje kapena zigamba zimene mmisiri adatsekera m'mipata pamodzi ndi phula zimatuluka. Kenaka mchenga umalowa. Mchenga wonyowa umalemera pafupifupi kawiri kuposa madzi, kotero boti limene anthu asanu ndi mmodzi akadalikankha m'mawa, pofika madzulo ngakhale anthu makumi awiri amalephera. Awa ndi mavuto a tsiku loyamba.

Mphepo ikaleka, mdani wachiwiri ndi dzuwa. Nonse mukudziwa chitseko cha matabwa. M'dzinja chimafufuma n'kumavuta kutseka, m'chilimwe chimauma n'kusiya mpata. Thabwa la boti limachita chimodzimodzi. Limachepa m'lifupi, koma m'litali pafupifupi silisintha. Boti likakhala m'madzi matabwa ake amafufuma n'kupanikizana okha, ndipo kupanikizana kumeneku ndi kumene kumatsekereza madzi, phula amangothandizira. Likagona pa dzuwa masabata angapo, mipata imatseguka mpaka munthu kuona kuwala kudzera m'nthiti zake. Bwato losema nalo limang'aluka, kuyambira kumapeto kwake. Amisiri amakonda mlombwa, umene m'Chipwitikizi cha kuno amati umbila, chifukwa suchepa kwambiri ukauma ndipo suola msanga. Koma mlombwa waukulu ukusowa, ndipo maboti ambiri tsopano amakhomedwa ndi matabwa amene sapirira chotero.

Zotsatira mukuzidziwa. Chiswe chimakwera kuchokera pansi pamene thabwa lakhudza dothi. Madzi a mvula akadikha m'kati amaoletsa matabwa a pansi. Misomali imachita dzimbiri. Moto wa tchire ukadutsa, thabwa louma lopakidwa phula silichedwa kuyaka. Ndipo potsiriza pamabwera ife anthu. Wina azula thabwa limodzi kuti akakonzere chitseko, wina atenga lina la nkhuni, aliyense akuti, "Aa, ili lidatha kale." Zotsala zimakhala nthiti zokha ngati za ng'ombe yofera kutchire.

Pamene madzi ndiwo athawa boti

Kuno kwathu boti lingathe kutsala pa mtunda chingwe chili chilimbire. Popeza Chilwa ndi yosaya ndipo imadalira mvula, zaka za chilala zikatsatana imaphwa. Idauma m'chaka cha 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka dothi long'aluka. Pa madooko monga Kachulu, tsidya la Zomba, maboti adagona pa matope ouma, ndipo anthu ankapita ku chisumbu cha Chisi wapansi, panjira pomwe ankapalasa. Matemba, makumba ndi milamba zidathawira m'mitsinje ndi m'zithaphwi. Mvula ya mu 2019 idabweza madzi, nsomba nazo zidayamba kubwerera, koma boti long'aluka silibwerera lokha.

Kuuma kwa 1995 kudapweteka kwambiri kuno. Nkhondo idali itangotha ndi pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu ambiri adali atangobwerera kuchokera ku Malawi kumene adathawira. Akuluakulu a m'makalasi anu amene adaona zaka zimenezo angakuuzeni za mabwato amene adawabisa m'bango pothawa, ndi chimene adapeza pobwerera. Mbiri imeneyi ili m'mitu ya anthu, ndipo eni ake akutha.

Tichite chiyani boti likapezeka pa gombe?

Choyamba ndi anthu. Onetsetsani kuti m'botimo mudalibe munthu, chifukwa asodzi ena amagona m'maboti. Mafunde akadali aakulu, munthu asaime pakati pa boti ndi mtunda. Funde limodzi lingamugwetsere boti pa miyendo. Ana asalowe m'madzi.

Chachiwiri, limangeni pomwepo ndi chingwe china kuti lisapitirire, ndipo ngati n'kotheka litembenuzeni kuti mphuno iyang'ane mafunde. Tulutsani injini ngati ilipo, maukonde ndi katundu yense. Kapani madzi, fosholani mchenga. Musayese kukoka boti lodzaza, mungalithyole msana.

Chachitatu, itanani anthu, paja mutu umodzi susenza denga. Chingwe chokokera chizungulire boti lonse, osati kumanga pa kachitsulo ka pamphuno kokha, chifukwa kangazuke pamodzi ndi thabwa. Ikani zipika zozungulira pansi pake kuti ligubuduke pamwamba pa zipikazo. Mmodzi yekha ndiye azilamula, ena onse azikoka nthawi imodzi.

Chachinayi, ngati silingabwerere m'madzi msanga, likwezeni pamene mafunde safika. Likhale pa zipika kapena pa miyala, lisakhudze dothi. Lichirikizeni mbali zonse kuti lisapindike. Limangireni kachisakasa ka udzu kuti likhale pa mthunzi mphepo ikupita, ndipo lambulani udzu wozungulira chifukwa cha moto. Mvula ikayamba, madzi asadikhe m'kati.

Chachisanu, boti louma musalikhulupirire. Mmisiri aligogode thabwa ndi thabwa, ayang'ane misomali ndi nthiti. Potseka mipata asapanikize kwambiri, chifukwa matabwa akadzafufuma adzafuna malo. Kenaka liikeni pa madzi a m'mawondo masiku angapo kuti limwe. Poyamba lidzadontha ndithu, musadabwe. Likaleka kudontha ndi pamene mungakwezemo anthu.

Palinso nkhani ya mwini wake. Mwera umakankha zinthu kuchokera kuno kupita cha kumpoto ndi kumadzulo, ndipo malire a maiko athu awiri ali pa nyanja zomwezi. Boti la kuno lingakapezeke tsidya la Malawi, la uko lingabwere kuno mphepo ikatembenuka. Boti logona pa gombe si chotola. Wolipeza akauze amfumu ndi akomiti ya asodzi ya pa dookopo, uthenga uyende. Mwini wake nayenso asaiwale kuthokoza amene adalisunga. Apa ndi pamene sukulu yathu ikulowerapo. Boti lolembedwa dzina lake ndi dzina la mudzi, ndi penti yooneka bwino, limabwerera kwawo. Boti lopanda chilembo limabala milandu.

Za m'kalasi

Yambani ndi kucheza musanagwire choko. Funsani: Ndani adatayapo bwato kapena boti? Lidapezeka kuti? Lidapulumuka kapena lidatha? Alekeni afotokoze okha, inu muzingomvetsera. Amayi asatsalire, pakuti ambiri a iwo ndiwo amagula ndi kuwamba nsomba, ndipo boti likatayika amayamba kumva ndi iwo.

Kenaka lembani pa bolodi mawu awa: bwato, boti, chingwe, nangula, gombe, mwera, nkhafi, thabwa. Agaweni m'maphatikizo: bwa-to, chi-ngwe, na-ngu-la. Pa bwa mupeze bwe ndi bwi, ndipo ophunzira apange mawu awo monga bwalo, bwenzi, bwino. Pa ngwe apeze ngwa ndi ngwi. Amene amalankhula Chiyao, Chilomwe kapena Chimakhuwa atchule mawu omwewa m'chinenero chawo, ndipo muwalembe pambali. Asodzi ali ndi mayina ambiri a mphepo, a mfundo ndi a ziwalo za boti amene sitidawalembe muno. Alembeni onse.

Pa masamu afunseni izi. Madzi akuya mamita 3, chingwe chikhale chotalika kasanu: mamita angati? M'boti mwakapidwa ndowa 12 za malita 20: makilogalamu angati? Kuchokera 1968 kufika 1995 ndi zaka zingati, nanga kuchokera 1995 kufika 2018? Kenaka afunse mtengo wa chingwe chatsopano pa msika wa kwanu ndi mtengo wa boti latsopano kwa mmisiri, alembe mitengo iwiriyo moyandikana. Pamenepo simufunikanso kulankhula zambiri.

Ntchito yaikulu ndi iyi. Kalasi iliyonse isankhe boti kapena bwato limodzi lakale la m'dera lawo, kaya likuyendabe kaya latsala nthiti zokha. Apite kwa mwini wake kapena kwa akulu a pa mudzi, apemphe chilolezo, afunse: Adalipanga ndani? Chaka chiti? Ndi mtengo wanji, ndipo mtengowo udadulidwa kuti? Lidapulumuka zotani? Ayeze kutalika kwake ndi mapazi kapena ndi chingwe. Aliyense alembe mizere iwiri kapena itatu m'kope lake, inu muziphatikize n'kuwerengera kalasi yonse. Inu a ku Cuamba ndi ku Ngauma amene muli kutali ndi nyanja, chitani chimodzimodzi ndi mabwato owolotsa pa mitsinje ya kwanu.

Zimene mwalembazo mutumize kwa akonzi, ndipo kope lina litsale ndi kalasi. Ndipo musanatseke phunziro, pemphani wophunzira mmodzi amene wayamba kudziwa malembo kuti sabata yomweyo akalembe dzina pa boti la kwawo ndi dzanja lake.